Sikelo Yanga ndi Kalongonda wa Eni

Ntchito za kafukufuku ndinaziyamba nditangomaliza Folomu 4, ndipo ndagwira zamitundumitundu. Ndawerengapo zimbudzi, ndafunsapo azibambo aulemu wawo ngati amagona m'masikito, ndayezapo minda ndi chingwe mpaka msana kuuma gwa. Zonsezo ndimazikamba ndikuseka. Koma ya chakudya ija, ya kumidzi ya ku Milepa ku Chiradzulu, ndikaikumbuka ndimachita manyazi ngakhale ndili ndekha m'nyumba, chifukwa ana awiri anaswera ndi njala tsiku lonse ine nditakhala pakhonde pawo ndi sikelo pamiyendo.

Anatiphunzitsa ku boma, m'kaholo kena ka malata kotentha koopsa. Wotiphunzitsa anali bambo wina wochokera ku yunivesite, wamagalasi, wolankhula modekha, ndipo ndisaname, zomwe ankanena zinali zomveka. Anati munthu ukamufunsa kuti dzulo wadya chiyani, sakuuza zoona zokhazokha. Wina waiwala, wina achepetsa poganiza kuti kukubwera thandizo la ufa, wina awonjezera kuti asaoneke mmphawi. Iwo ankafuna kudziwa kuti kusiyanako n'kwakukulu bwanji. Njira yake inali yoti m'makomo ena, ochepa chabe, mupite munthu akakhale kuyambira m'mawa mpaka eni ake atadya chamadzulo, akayeze pasikelo chilichonse cholowa m'kamwa, ndi chotsala m'mbale chomwe.

Makomowo sitinkasankha ndife. Mabanja onse a m'midziyo anawalowetsa mu kompyuta, kompyutayo n'kuchita maere kuti banja lililonse likhale ndi mwayi wofanana. Likagwa lagwa basi. Sunkaloledwa kunena kuti uko n'kutali, kapena kuli galu wolusa, ndingolowa nyumba yoyandikana nayo. Anati mukayamba zimenezo mudzangoyeza anthu a m'mbali mwa msewu okhaokha, amene ali ndi mipando yokupatsani. Khomo lililonse tinkayenera kufikapo kawiri, masiku otalikirana, chifukwa tsiku limodzi likhoza kukhala la maliro kapena la chinkhoswe. Eni khomo anali atavomera kale, koma tsiku lenileni sankauzidwa, kuopa kuti angakonzekere.

Panalinso zoletsedwa. Osadya pakhomopo, chifukwa uchepetsa cha eni. Osapereka chakudya, ngakhale switi, chifukwa uwonjezera. Ndipo osatchula dzina la chakudya chilichonse, osafunsa kuti lero muphika chiyani, chifukwa ukatero wamuuza kale munthu choti aphike. Mayi wina wachikulire m'gulu lathu anakweza mkono n'kufunsa kuti nanga anthu adzadya bwanji wina akuwayang'ana m'kamwa. Bambo wamagalasi uja anati zimenezo akuzidziwa, zinalembedwa ndithu m'mabuku, koma manyazi amakhala a m'mawa wokha, ikamakwana masana anthu amakhala atakuzolowera ngati mpando. Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka nawo, ine amene mayi anga ankandithyolera kamtengo ka bulugamu akandipeza pakhomo pa eni nthawi ya chakudya.

Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chikungomasula kumene, nkhokwe zili pululu. Galimoto inkatisiya pa Milepa, kuchokera pamenepo aliyense ankakwera kabaza kupita kukhomo lake. Wakabaza wanga anali bambo wa imvi za apa ndi apo, wolongolola, yemwe ankadziwa mbiri ya denga lililonse lomwe tinkadutsa. Ananditsitsa pakanyumba ka zidina, kofolera udzu, pabwalo posesedwa bwino mpaka kuoneka mizere ya tsache. Mwini wake anali mayi wondiposa pang'ono msinkhu. Amuna awo anali atapita kukagwira ganyu ku Mozambiki, ndipo anatsala ndi ana aakazi awiri, wamkulu wa ku pulayimale, wamng'ono wongosiya kumene kuyamwa. Anandilandira chikwama, anandipatsa mpando umodzi womwe unalipo, iwo n'kugwada pansi kundipatsa moni. Ndinawafotokozera zonse monga tinaphunzirira, kuti azingochita zawo ngati kuti ine palibe. Anati chabwino alendo, amva.

M'mawa wonse unatha chonchi. Anasesanso pabwalo posesasesa kale. Anatsuka mbale zoyera. Anapita kumjigo, anabwera, anapitanso. Anakhala pamkeka n'kumamuluka mwana wamkulu tsitsi, kumasula, kulukanso. Wamkuluyo tsiku limenelo sanapite kusukulu, kaya chifukwa cha ine, kaya chifukwa cha m'mimba, sindinafunse. Ine ndili pampando, sikelo yanga ndaipukuta, tabuleti ndayatsa, ndikudikira. Pamafuwa panali phulusa la dzulo, ndipo palibe amene anayandikirapo.

Dzuwa litakwera ndinapempha kukazungulira kuseri. Podutsa pakakhitchini kawo ka udzu, fungo linandigwira, fungo lomwe sindingaliiwale ngakhale mutandidzutsa kutulo. Pakona panali mphika waukulu wovundikira ndi lichero, pansi pali madzi akuda bii otayidwa, ndi timakoko tosenda taunjikidwa pambali. Anali kalongonda. Kwa amene simumudziwa, ndi nyemba zikuluzikulu zomwe ife Alomwe timabzala m'mphepete mwa munda, zimene zimatisunga chimanga chikatha. Koma kalongonda si nyemba zoti wateleka, wapita kumjigo, wabwera zapsa. Amafuna moto wa tsiku lonse. Uwiritse, utaye madzi, usende, uwiritsenso, utayenso, mpaka madzi ayere ndi ululu wake utuluke. Ukamufulumiza amazunguza mutu, munthu amasanza n'kumayenda ngati woledzera. Nditasuzumira ndinaona kuti mayiwa anali atamuwiritsa kamodzi dzulo lake n'kumusenda, ndipo lero linali tsiku lomalizitsa. Ndinadziwanso kuti moto ukapanda kuyaka m'mawa womwewo, madzulo sadzakhala atapsa.

Ndinadziwa zonsezi chifukwa ndinakulira pomwepo. Anganga anga ankalankhula Chilomwe chokhachokha akakwiya, ndipo kalongonda wothira mchere ndi tsabola ndamudya mpaka kukhuta. Koma kusekondale ku Limbe anzanga ankatiseka nazo, ankati Alomwe amadya zakupha, mwakuti ndinaphunzira kusatchula. Tsopano ndinali pakhomo la Mlomwe mnzanga nditavala tisheti ya kafukufuku, nsapato zotseka, foni m'thumba, ndikulankhula Chinyanja cha m'tauni chothira Chingerezi. Mayiwa akandiyang'ana ankaona munthu wa ku ofesi, amene adzatenga kalongonda wawo, kumuika pasikelo, kumulemba m'makina, n'kukaonetsa mabwana. Mawu amodzi okha akanakwana, kungoti amayi, telekani uja, nafenso ndi wakwathu. Koma lamulo linati osatchula chakudya, ndipo ine ndinali wophunzira wabwino kwambiri m'kaholo kaja. Ndinabwerera pampando wanga.

Anandifunsa mozungulira, mwaulemu, kuti kodi galimoto yathu imabwera nthawi yanji. Ndinati ndichoka iwo akadya chamadzulo. Anangoti oo, n'kuyang'ana kumunda. Patapita nthawi anafunsanso ngati sindikuopa mvula, poti mitambo inali itayamba kuda kumbali ya phiri, njira ikaterera akabaza amakana. Ndinati ndili ndi ambulera. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mayiwa ankangodikira zimenezo. Sankadziwa kuti awa ndi mame a mtundu wina, olembedwa ntchito kuti asaume.

Masana mwana wamng'ono anayamba kulira, kulira kotopa kosatulutsa misozi. Mayi ake anamubereka, n'kumayenda naye uku ndi uku. Wamkulu uja analowa m'munda, anathyola msinde wa chimanga chosabereka, anausenda ndi mano, n'kumudulira mng'ono wake kachidutswa. Apa ndiye pamene ndinachita chinthu chomwe chimandiwotcha nkhope mpaka lero. Ndinaimirira n'kunena kuti aise, tabwera nawo kaye ndiyeze. Mwanayo anayang'ana mayi ake, mayi ake anagwedeza mutu, iye n'kubweretsa. Ndinauika pasikelo msinde uja, wamng'ono akulira atatambasula dzanja, ine ndikudikira manambala akhazikike. Atatha kutafuna ndinapemphanso zolavula zija, chifukwa tinaphunzira kuti chotsala chimachotsedwa. Mwana wa eni anatola zotafuna zake pansi, za malovu ndi mchenga, n'kundipatsa ndi manja awiri mwaulemu. Tsiku lonselo chomwe ndinayeza ndi chimenecho.

Inenso njala inandigwira, ndisabise. M'chikwama munali mabanzi awiri ndi botolo la sobo. Lamulo linati chako ukadyere kutali, eni khomo asakuone. Ndinanamizira kukayankha foni, ndinalowa m'kati mwa chimanga cha eni, ndinanyonyomala, n'kumadya mofulumira ndikutchera khutu ngati wakuba mbatata. Kulira kwa mwana kunkamveka bwinobwino kuchokera pomwe ndinali. Banzi lachiwiri linandikanika, ndinalibwezera m'chikwama, ndipo linakhala momwemo pambali pa mpando wanga mpaka madzulo. Ndinapukuta pakamwa kawiri ndisanatuluke m'mundamo.

Dzuwa litapendeka mayiwa anandiuza, osandiyang'ana, kuti lero sakumva njala, dzulo anadya kwambiri kwa akulu awo, ana nawonso anakhuta. Wamng'ono anali atagona kumsana, kukamwa kuli yasa. Ndinaimbira foni asupavayiza athu, bambo wamtima wabwino koma wokonda malamulo, kufunsa kuti nanga akapanda kuphika nditani. Anati ndidikire mpaka dzuwa lilowe, ndilembe kuti sanadye, ndibwere. Ndinadikira ndithu. Wakabaza atafika, mayiwa anandinyamulira chikwama mpaka panjira, anandithokoza chifukwa chowachezera, anati ndiyende bwino. Tisanakhote n'komwe pamtengo wa mango wa kumalire, ndinacheuka, ndipo utsi unali utayamba kale kutuluka mu udzu wa kakhitchini kaja.

Titakumana pagalimoto aliyense ankafotokoza zake, wina akudandaula kuti amukakamiza thobwa, wina kuti agogo ena amuthamangitsa pomuyesa wopopa magazi. Asupavayiza ataona zanga anapukusa mutu mwachisoni, anati njala yeniyeni ndi imeneyi, zoterezi pongofunsa mafunso sungazipeze. Ndinawauza kuti chakudya chinalipo, anthu amachita manyazi ndi ine. Anati mwina ndi zoona, koma ife timalemba zomwe sikelo yaona, osati zomwe mtima ukuganiza, ndipo ngati ndili ndi ndemanga ndiilembe m'kabokosi ka pansi. Ndinailemba. Kabokosi kameneko sindikudziwa ngati alipo munthu amene anakawerengapo chiyambire.

Patapita masiku ndinakweranso kabaza yemwe uja popita kukhomo lina. Tili pakati pa njira, akupalasa pachitunda, anayamba kundiuza ngati nkhani wamba kuti paja ana aja anatsala pang'ono. Ndinafunsa kuti ana ati. Anati a pakhomo lomwe ndinaswera tsiku lija. Nditangochoka mayi awo anateleka kalongonda, koma ana anali akulira kwambiri, ndiye anangomuwiritsa pang'ono n'kuwapatsa. Sipanatenge nthawi, onse awiri anayamba kusanza, wamkulu akubwebweta, wamng'ono maso ali tuzu osalira n'komwe. Ndi iyeyo wakabazayo amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala, mayi awo akuthamanga pambuyo. Anachira, anatero, Mulungu ndi wamkulu. Koma m'mudzi nkhani inali pakamwa pa aliyense, kumjigo, kutchalitchi, kuti mayi wamkulumkulu, wobadwira m'kalongonda momwemo, angadyetse bwanji ana wosapsa, kaya ndi ulesi kaya ndi misala. Kenako anati paja inu munali pomwepo tsiku lonse, eti. Ndinati eya.

Madzulo amenewo ndinawapsera mtima asupavayiza, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipatsekeka. Ndinawauza kuti zokhala ngati mpando zomwe ankanena bambo wamagalasi uja zatsala pang'ono kupha ana a eni. Ndinati khomo limenelo alichotse, ine sindipondakonso. Anandimvetsera mpaka ndinatha, nkhope yawo itagwa, chifukwa nawonso ali ndi ana. Kenako anandifotokozera kuti tikamachotsa khomo lililonse lomwe pachitika zovuta, tidzatsala ndi makomo osavutika okhaokha, ndipo kafukufuku adzanena kuti ku Chiradzulu kulibe njala. Kutumiza munthu wina anati n'kuyambiranso manyazi ndi nkhope yachilendo. Tsiku lachiwiri linali litagwa kale pamaere, silingasinthidwe. Chomwe chinalipo n'chakuti mayiwa ali ndi ufulu wokana, ndikawafunse bwinobwino, akakana ndibwerere. Chondinyansa kwambiri chinali chakuti sankanama. Mumtima ndinangoti chabwino, ndipita, koma ulendo uno kalongonda ndikamutchula ndi dzina, akandichotsa ntchito andichotse.

Tsikulo ndinavala chitenje pamwamba pa siketi, tisheti ndinaibisa ndi juzi, ngati kuti zovala ndi zomwe zinalakwa. Mayiwa anandionera patali ali ndi khasu pakhomo, ndipo ndinaona mapewa awo akugwa. Anandilandirabe chikwama, mpando womwe uja, moni wogwada yemwe uja. Ana anali ataonda, makamaka wamng'ono, koma ankayenda. Ndinapepesa za matenda. Ndinawauza kuti akhoza kukana, palibe chomwe chingawachitikire, ndibwerera pompano. Anati mlendo sabwezedwa pakhomo. Ndiye ndinayesa kuwapatsa moni m'Chilomwe changa chothyokathyoka, kenako ndinanena zomwe ndinayenera kunena tsiku loyamba.

"Amayi, inenso ndine Mlomwe. Kalongonda ndakulira yemweyo. Ngati alipo telekani pompano, ndikuthandizani kusenda."

Anayankha akuyang'ana pansi.

"Pano sitidya zimenezo, alendo."

Pambuyo pake ndinamva kwa wakabaza kuti mayiwa atabwerako kuchipatala kuja anatenga kalongonda yense wotsala, thumba lomwe likanawafikitsa ku zokolola, n'kukamukhuthulira m'chimbudzi anthu akuona, kuti pakamwa pa mudzi patsekeke.

Atandiyankha choncho, mayiwa anaitana mwana wamkulu n'kumunong'oneza. Mwanayo anazungulira kuseri, ndipo posakhalitsa ndinamva nkhuku ikukuwa. Inali thadzi, ndipo pakhomo ponse panalibenso ina. Mwanayo pobwera nayo anandiuza yekha monyadira kuti imaikira, mazira ake amasinthitsa mchere ndi sopo kugolosale. Ndinadzuka. Ndinawachonderera kuti asaphe, ndinati ine sindidya n'komwe, malamulo sandilola, adzangoitaya pachabe. Ndinalankhula zambiri, mawu akuthamangitsana. Iwo anapitiriza kunola mpeni pamwala.

"Si yanu, ndi ya ana anga. Simunati tizichita zathu ngati inu palibe?"

Ndinakhala pansi. Ataisosola anatenga kambale, anakabisa m'chitenje, n'kupita kwa akulu awo kutsidya kwa njira. Anabwera ndi mpunga, ndi timafuta m'kabotolo ka mankhwala. Nkhani ya momwe anakapemphera mpungawo sindinaimve, koma maso awo anali ofiira pobwera. Moto unayaka dzuwa lisanakwere. Ndipo ine, chifukwa ndi zomwe ndinabwerera, ndinayatsa sikelo. Ndinayeza mpunga wosaphika, ndinayeza nkhuku yosadula, tomato, mchere, mafuta. Chilichonse ankabweretsa okha osadikira kuti ndipemphe, n'kuchiika pasikelo, n'kuima chilili mpaka nditalemba. Sanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Anthu odutsa panjira ankachedwetsa mapazi, kununkhiza, kuona nthenga pabwalo, ndipo mayiwa ankawapatsa moni mokweza.

Zitapsa anagawa mbale za ana, ndinayeza, ana n'kuyamba kudya. Wamng'ono ankadya ndi manja onse awiri, msuzi ukutsikira m'zigongono. Kenako anabwera ndi madzi osamba m'manja, anagwada, n'kuika patsogolo panga mbale yovundikira. Nditavundukula ndinapeza mpunga, ntchafu, ndi nthutumba pamwamba. Kwathu nthutumba imapita kwa mlendo amene nkhuku yaphedwera, kuti adziwe kuti inafera iyeyo. Ndiye zoti ndi ya ana zinali zongonena. Ndinayang'ana mbaleyo. Kukana kunali kuwatukwana kachiwiri pakhomo pawo pomwe, kudya kunali kulanda ana amene ndinawagoneka kale kuchipatala. Ndinasamba m'manja. Ndinatenga nthutumba yokhayo, zinazo ndinakankhira kwa ana monga mlendo amachitira. Ndisanaiike m'kamwa ndinakumbuka kuti iyenera kuchotsedwa pa chakudya cha banja, ndiye ndinaiika kaye pasikelo, mayiwa akuona. Ndinaitafuna nthawi yaitali.

Iwo anadya khosi ndi mapazi, atatembenukira kukhoma. Madzulo anatenthetsa zotsala, ndinayezanso, mbale zonse zinabwera zoyera. Ndikulemba manambala omaliza ndinkadziwa kale chomwe kompyuta idzachite, chifukwa anatiphunzitsa. Idzatenga tsiku la msinde ndi tsiku la nkhuku, kuphatikiza, kugawa pakati, n'kutulutsa avereji. Ndipo ndi momwe zinakhaliradi. Miyezi itapita asupavayiza anandiuza kuti khomo lija linatuluka pakatikati, silinali m'gulu la ovutikitsitsa, silinali m'gulu la opeza bwino. Masiku onse awiri anali anga, ndine ndinawapanga ndi kukhalapo kwanga. Tsiku lawo lenileni, lomwe amadya pakakhala palibe mlendo, silinalowe m'makina aliwonse.

Wakabaza atafika mayiwa anandiperekezanso, ulendo uno ndi ana omwe. Wamkulu anali wosangalala, mimba ili tototo, akudumphadumpha kutsogolo ndi chikwama changa. Pofika panjira anandigwira chitenje n'kundifunsa kuti ndidzabweranso liti, ndidzabwere msanga. Ndinangomusisita kumutu. Mayi ake anamuuza kuti atsogole ndi mng'ono wake kunyumba. Anadikira mpaka ana atatalikira, wakabaza akunamizira kukonza tcheni, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso. Sanakweze mawu.

"Mwamaliza tsopano, achemwali?"

Ndinati ndamaliza, masiku anali awiri okha.

"Zikomo. Musadzabwerenso. Ndilibenso china choti ndiphe."